Ligi yathu yafika 1920: Chapman, Jackson ndi matimu a Rube Foster titani nawo?

Mlembi1915:
Akuluakulu, sizoni ya 1919 tatseka usiku wathawu ndipo fayilo ili pamalo paja. Koma sindilowa mu 1920 tisanagwirizane, chifukwa nkhani imene takhala tikuizemba chiyambireni ligiyi mu 1915 yatipeza tsopano.

Mu Out of the Park, gemu ya baseball ya pakompyuta imene timayendetseramo ligiyi, muli posankha ngati osewera azichoka chaka chimene anachokera m'moyo weniweni, kapena azisewerabe mpaka kompyuta itaona kuti miyendo yatha. Masizoni asanu apitawa zimenezi sizinatipweteketse mutu. Koma 1920 ndi ina. Tikasiya momwe zililimu, Ray Chapman wa Cleveland azimirira sizoniyi ikatha, poti anamwalira mu Ogasiti 1920 atagendedwa mpira m'mutu. Joe Jackson, Eddie Cicotte, Buck Weaver ndi anzawo a White Sox nawonso apita chifukwa cha nkhani yogulitsa World Series ya 1919, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa chaka. Yachitatu ndi imene ikundilemera kwambiri ine: pa 13 Febuluwale 1920 Rube Foster anakhazikitsa ku Kansas City Negro National League, ligi ya osewera akuda amene sankaloledwa mu American League ndi National League. Tiwalowetse osewera amenewa? Ngati inde, alowe bwanji?

Mauthenga a kumbali ndalandira ambiri ndipo aliyense akukokera kwake. Tilankhulire pano poyera. Mutu umodzi susenza denga.

Kambuzi:
Ya Jackson isatichedwetse. Mu ligi yathu White Sox yanga inathera pa nambala 3, ndipo World Series ya 1919 anasewera ndi Boston ndi Giants. Munthu amachotsedwa bwanji chifukwa chogulitsa masewero amene sanasewere n'komwe?

MphunzitsiWaMbiri:
A Kambuzi, mlandu wake uli m'mbiri, ndipo ligiyi tinagwirizana kuti ndi ya mbiri. Jackson anavomera yekha mu Seputembala 1920 kuti analandira $5,000. Khoti linawamasula mu Ogasiti 1921, zoona, koma kutangocha Kenesaw Mountain Landis, mkulu woyang'anira ma ligi akuluakulu, anawaletsa onse asanu ndi atatu kuti asadzaponde pabwalo moyo wawo wonse. White Sox inagwa kuchokera pamenepo ndipo sinatengenso American League mpaka 1959. Kugwa kumeneko ndi mbali ya nkhani ya baseball. Mukawasunga anthuwa, timu yanu ikhala yamphamvu zaka zimene inali pansi, ndipo ena tonsefe tikhala tikupikisana ndi timu imene kunalibe.

Kambuzi:
Mu series imeneyo anamenya .375, ma hit 12, osalakwitsa ngakhale kamodzi kumunda. Weaver sanalandire ndi tambala yomwe, mlandu wake unali kudziwa n'kukhala chete. Ndipo mu Meyi 2025 MLB yomweyo, bungwe la ma ligi akuluakulu a baseball ku America, inachotsa mayina a omwalira pa mndandanda wa oletsedwa, la Jackson lili momwemo. Eni ake amukhululukira, ife ndi amene tilimbike mtima?

MphunzitsiWaMbiri:
Amuchotsa pamndandanda atamwalira kalekale. Sanamubwezere sizoni ya 1921.

Mlendo_Watsopano:
Pepani akuluakulu, ine ndalowa mwezi wathawu, ndinapatsidwa St. Louis Browns. Manambala awa a .375 ndi .356 ndimangowaona koma sindinawamvetse. Safunsa anadya phula.

Mawerengero:
Mwachita bwino kufunsa, achimwene. Ndi chigawo cha nthawi zimene womenya wamenya mpira n'kufika pa base asanamutulutse. Tiyerekeze kuti waima pa plate maulendo 1,000. Akapambana maulendo 356, ndiye .356, ndipo imeneyo ndi ya Jackson ya moyo wake wonse. Wofika .300 ndi katswiri kale. Inuyo muli ndi George Sisler, amene mu 1920 weniweni anamenya .407 ndi ma hit 257. Musamugulitse, kaya wina akulonjezeni zotani.

Tsono pa nkhani ya Jackson, pali chinthu cha mkati mwa gemu chimene tiyenera kudziwa tisanavote. Ife tinasankha kuti luso la wosewera liziwerengedwanso chaka chilichonse kuchokera pa ziwerengero zake zenizeni za zaka zitatu: chatha, chino ndi chamawa. N'chifukwa chake Ty Cobb wathu amaoneka ngati Cobb. Koma za Jackson zimathera mu 1920, pamene anamenya .382 ali ndi zaka 33. Kuyambira pamenepo gemu ilibe pogwira, ndiye imusiya m'manja mwa mbali ija imene imakulitsa ndi kukalambitsa osewera payokha. Akhoza kumenyabe bwino zaka zinayi, akhoza kuthyoka bondo mu Epulo. Ameneyo sadzakhala Jackson wa m'mabuku, adzakhala wongoyerekeza wa kompyuta. Ine sindikuona vuto, koma tidziwe chimene tikugula.

Nangozo_Ohio:
Ine ndilankhule za Chapman, poti Cleveland ndi yanga ndipo ndimakhala kufupi ndi kumene anagona.

Chaka chatha ndinapita ku Lake View Cemetery ndi mwana wanga wamkazi. Manda ake ndi mwala waukulu wopanda zokongoletsa zambiri, koma pamwamba pake anthu amasiyapo mipira, zipewa, magolovesi akale. Mpira wina unali utada ndi mvula, ulusi wofiira uja utayamba kumasuka. Mwana wanga anaunyamula n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu akusiya zinthu kwa munthu amene sanamuonepo. Ndinamufotokozera kuti pa 16 Ogasiti 1920, ku Polo Grounds, Carl Mays wa Yankees anaponya mpira kuchokera m'munsi monga ankachitira, ndipo unakamenya Chapman m'mutu. Masiku amenewo mpira umodzi ankausewera mpaka ude, oponya ankaupaka malovu ndi dothi, zisoti kunalibe. Anamwalira m'bandakucha wa tsiku lotsatira, ali ndi zaka 29, mkazi wake ali woyembekezera. Mwana wanga anaubwezera mpira uja pamalo pake bwinobwino.

Ndakhala naye Chapman pa shortstop chiyambireni ligiyi. Ndimadziwa kuti ndi manambala chabe a m'kompyuta. Komabe mu ligi yathu mpira umenewo sudzaponyedwa. Mays wathu sali ku Yankees n'komwe, a Fenway, eni ake a Boston mu ligi yathu, sanamugulitse. Ndiye ndikukupemphani, musandiuze kuti pa 1 Januwale 1921 nditsegule fayilo n'kupeza dzina lake palibe. Chimene ndinalowera mu ligi ngati iyi n'chomwechi, kuti ndione zaka zimene munthuyu sanapatsidwe.

WakuJoni:
Achemwali, mwandikhudza. Voti yanga pa Chapman muli nayo.

FenwayWaKuDedza:
Ndipo tinene zoona, mbiri tinaisiya kalekale. Harry Frazee, mwini wake wa Boston Red Sox, anagulitsa Babe Ruth ku Yankees pa $100,000 kumapeto kwa 1919. Ine Boston ndi yanga, ndipo Ruth sindikumugulitsa ngakhale a Yankees atandipatsa timu yawo yonse. Aphunzitsi, ngati mukufuna mbiri yeniyeni, ndiye kuti mundilande Ruth. Mukatero sitikusewera, tikungoonera.

MphunzitsiWaMbiri:
Zimene eni matimu ankasankha, ife tikhoza kusankha mosiyana, chifukwa takhala pa mipando yawo. Imfa ndi chiletso sanasankhe mwini timu. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Nangozo_Ohio:
Ndiye tisiyanitsenso apa, aphunzitsi. Matenda amene anachotsa Lou Gehrig mu 1939 akanabwera kaya ankasewera timu yanji. Nkhondo imene inatengera Ted Williams 1943, 1944 ndi 1945 ikanabwerabe. Zimenezo tikadzafika ndidzavomera kuti zitsate mbiri, ngakhale Bob Feller wanga adzapite ku nkhondo. Koma Chapman anafa ndi mpira umodzi, pa masewero amodzi, amene mu ligi yathu kulibe.

MphunzitsiWaMbiri:
Apo mwandigwira, mayi. Pa Chapman ndagonja. Koma dziwani kuti amene analowa m'malo mwake ndi Joe Sewell, mnyamata amene moyo wake wonse anatulutsidwa ndi ma strike maulendo 114 okha, ndipo Cleveland inatenga World Series chaka chomwecho. Gemu ikubweretserani Sewell, mudzakhala ndi ma shortstop awiri.

Nangozo_Ohio:
Sewell anadzasamukira pa third base m'moyo weniweni. Kwa ine ayambira pomwepo.

WakuChipata:
A Mlembi, pepani ndipatuke pang'ono. Kodi nthawi yotumizira mafayilo athu singasinthe? Lachitatu lapitali magetsi anathima kuyambira masana, laputopu inatha moto ndisanatumize, ndipo kompyuta inandiseweretsa Detroit mlungu wathunthu ndi oponya otopa. Ndinaluza masewero asanu. Komanso fayilo ya ligi ikukulirakulira, bandulo yanga ikumatha pakati pa mwezi.

FenwayWaKuDedza:
Kuno n'chimodzimodzi. Ine ndimatsitsa fayilo pakati pa usiku pamene netiweki yapepuka. A Mlembi, zithunzi za nkhope za osewera muziziika padera, tizitsitse kamodzi basi. N'zimene zikulemeretsa.

Mlembi1915:
Zamveka zonse ziwiri. Zithunzi ndizipatula. Nthawi ndiisuntha kufika 10 koloko usiku wa Lachinayi, nthawi ya ku Lilongwe, ndipo amene magetsi amuthimira anditumizire uthenga pafoni, ndidikira mpaka m'mawa. A Chipata, masewero asanu aja sindingawabweze, koma sizichitikanso.

Mlendo_Watsopano:
Funso lina laling'ono. Poti tonse tikudziwa kuti Gehrig abwera mu 1923, chingaletse munthu n'chiyani kuluza dala mu 1922 kuti adzasankhe koyamba?

Mlembi1915:
Tinakambirana kale inu musanabwere. Matimu anayi otsiriza amachita maere, ndipo amene wakhazika pansi akatswiri ake popanda chifukwa amalandidwa mwayi wosankha. Tibwerere ku nkhani yachitatu ija, palibe amene waikhudza.

AgogoAkuIndiana:
Ndakhala chete dala kuti ndione ngati wina aiyambe. Mwakambirana za Jackson mpaka pakamwa kuuma, munthu amene anapatsidwa mwayi n'kuutaya yekha. Nanga amene sanapatsidwe n'komwe?

Ine ndakhala kuno ku Indiana zaka zambiri, baseball ndinaiphunzira ndili wamkulu, pa mabenchi a ku South Bend ndi adzukulu. Koma dzina la Oscar Charleston ndinalimva mochedwa kwambiri, chonsecho anabadwira ku Indianapolis konkuno mu 1896 ndipo mu 1920 ankasewera center field ku Indianapolis ABCs. Amene anamuona ankamuika pamodzi ndi Cobb ndi Tris Speaker. Ku Kansas City Monarchs kunali Bullet Rogan, amene ankaponya ngati woponya woyamba n'kumamenyanso pakati pa mndandanda, zimene Ruth anasiya kuchita. Ku Chicago American Giants kunali Cristóbal Torriente wa ku Cuba. Anthuwa anali pachimake mu 1920, ndipo chitseko chinatsekulidwa mu 1947, iwo atakalamba kapena atamwalira. Josh Gibson anamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35, patatsala miyezi itatu kuti Jackie Robinson, wakuda amene anatsekula chitsekocho, alowe pa Ebbets Field, bwalo la Brooklyn Dodgers.

Ife tonse pagulu pano ndife anthu akuda. Takhala pa mipando ya eni matimu masizoni asanu, tikusunga lamulo lawo la tsankho ngati kuti ndi lathu. Mu 1915 tinali ndi chowiringula, kuti ziwerengero kunalibe zokwanira. Tsopano zilipo. Ine ndikuti onse alowe mu draft imodzi, matimu 16 asankhe, nkhani ithe.

WakuJoni:
Agogo anena zimene zinali kumtima kwanga. Ine Pirates ndinaisankha chifukwa cha Gift Ngoepe. Pa 26 Epulo 2017 analowa ngati munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB, ndipo ulendo wake woyamba pa plate anamenya hit. Kuno kunali pakati pa usiku, ndinadzutsa nyumba yonse. Mwana amene anakulira m'kachipinda ka pabwalo la baseball ku Randburg, kumene mayi ake ankagwira ntchito. Ndiye ndiziyendetsa timu yakeyo n'kumakana Charleston? Ayi.

Kambuzi:
Draft ichitike. Koma asankhe koyamba ndani? Woyambayo atenga Charleston ndipo ligi yatha.

MphunzitsiWaMbiri:
Agogo, ndikupempha mundimvetsere mpaka kumapeto, chifukwa mwina muganiza kuti ndikuteteza tsankho. Ayi. Chimene ndikukana ndi draft.

Taganizani chimene draft imeneyo ichite. Titenga matimu asanu ndi atatu a Foster, American Giants, Chicago Giants, Monarchs, ABCs, Detroit Stars, St. Louis Giants, Dayton Marcos ndi Cuban Stars, tizulamo akatswiri makumi awiri kapena atatu n'kuwagawira Yankees, Red Sox ndi anzawo. Otsalawo atayika, chifukwa malo kulibe. Ligi ya Foster ifa isanabadwe. Ndipo zimenezi n'zimene zinachitikadi pambuyo pa 1947. Branch Rickey wa Dodgers anatenga Robinson ku Monarchs osalipira kalikonse. Effa Manley wa Newark Eagles anachita kulimbana kuti Bill Veeck amulipire potenga Larry Doby. Oonerera anatsatira akatswiri awo ku mabwalo a azungu, ndipo Negro National League yachiwiri inatha 1948 itangodutsa. Osewera ochepa analowa, koma eni matimu akuda, makochi akuda, ogulitsa matikiti, olemba nkhani, onsewo anatsala panja. Red Sox inadikira mpaka 1959 kuti itenge Pumpsie Green. Manijala woyamba wakuda mu MLB, Frank Robinson, anabwera mu 1975.

Foster sanali wopemphetsa pakhomo la munthu. Anali woponya wodziwika, kenako manijala, kenako mwini timu, ndipo anamanga ligi yake. American Giants yake inatenga ligiyo mu 1920, 1921 ndi 1922. Tikamugawira osewera ake kwa Comiskey wa White Sox ndi Frazee, ndiye kuti tachita zimene a Rickey anachita, kungoti tafulumira ndi zaka 27. Ndiponso tidzakhala tapanga 1920 yoyera bwino, ngati kuti tsankho kunalibe, ndipo mwana wodzaona ligi yathu sadzadziwa kuti panali khoma.

AgogoAkuIndiana:
Ndiye tiwasiye panja kuti khomalo lioneke bwino? Zimenezo sindingavomere, mwana wanga.

MphunzitsiWaMbiri:
Ayi agogo, alowe ndi matimu awo, ndi mayina awo, ndi mabwalo awo. Ikhale ligi yachitatu yofanana ndi American ndi National. MLB yomwe mu Disembala 2020 inavomereza kuti ma ligi asanu ndi awiri a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali akuluakulu. Ife tingochita mu 1920 zimene iwo anachita patatha zaka 100. Kumapeto kwa sizoni, akatswiri a ma ligi atatu akumane. Pamenepo Rogan adzaponyera Ruth atavala malaya a Monarchs, osati a timu ya wina.

WakuJoni:
Izi sindinaziganize. Ndikufuna Charleston ku Pittsburgh, koma zimene anena aphunzitsi zandiluma.

Mawerengero:
Ndiikepo za manambala, chifukwa njira ziwirizi zimasiyana kwambiri mkati mwa gemu.

Out of the Park siingopatsa munthu ma home run mwachisawawa. Chaka chilichonse imayang'ana zimene ligi yonse inachita m'moyo weniweni, n'kuzigawa kwa osewera molingana ndi luso lawo. Zili ngati mphika umodzi wa ndiwo: mukawonjeza anthu a njala patebulo, mphika sukula. Mu 1920 Ruth anamenya ma home run 54, wachiwiri wake Sisler 19, ndipo mu American League munalibe timu ina yonse imene inafika 54. Mukathira Charleston, Torriente ndi Rogan mu matimu 16 omwewo, ochotsedwa adzakhala ofooka, ndiye aliyense wotsala gawo lake lichepa, ndipo oponya nawonso akhala olimba. Ruth akhoza kutsika. Kwa ine chimenecho si cholakwika, ndi yankho la funso limene anthu akhala akufunsa. Koma mabuku athu a ziwerengero sadzafanananso ndi enieni. Ligi yachitatu imakhala ndi mphika wakewake, ndiye vutoli silibuka.

Vuto la ligi yachitatu ndi lina. Ziwerengero zake ofufuza mbiri ya baseball a Seamheads anachita kuzitolera m'manyuzipepala akale monga Chicago Defender, masewero amodziamodzi. Matimuwa ankasewera masewero a ligi ochepa poyerekeza ndi 154 a azungu, chifukwa ndalama zambiri ankazipeza poyendayenda m'matauni kusewera ndi aliyense amene wapezeka. Munthu akamenya bwino milungu itatu, chiwerengero chake chimakwera mopitirira; akadwala mwezi, chimagwa. Apa njira yathu ya zaka zitatu ija itithandiza, ndipo ndingakonde kuti kwa ligi iyi tiyese zisanu. Komanso matimu ena anali ndi osewera ochepa kwambiri, oponya anayi kapena asanu basi. Tikawapatsa masewero 154 manja awo atha pofika Julayi. Ndikupempha kuti ligi ya Foster isewere pafupifupi theka la amenewo, monga zinalili.

Kambuzi:
Theka la masewero, kenako adzakumane ndi amene asewera 154? Abwera opuma, enawo atatopa.

Mawerengero:
Abwera opuma koma ndi benchi yaifupi. Mu series ya masewero asanu ndi anayi, monga zinalili kuyambira 1919 mpaka 1921, timu ya oponya anayi imva kuwawa. Zilingana.

FenwayWaKuDedza:
Nanga kugulitsana osewera pakati pa ma ligi? Ngati n'koletsedwa ndiye kuti khoma lija tangolipaka laimu.

AgogoAkuIndiana:
Funso lenileni ndi limenelo. Ndikavomera ligi yachitatu, ndikufuna chitseko chitsekuke mbali zonse ziwiri. Monarchs ithe kugula mzungu, Boston ithe kugula wakuda, koma pa mtengo, mwini timu atavomera. Pasakhale kutola ngati mango akugwa okha. Ndipo anyamata atsopano, Cool Papa Bell akadzafika mu 1922, Satchel Paige, kenako Gibson mu 1930, ayambire ku matimu awo enieni. Gehrig ayambire mbali yake. Zikatero ndasiya za draft.

MphunzitsiWaMbiri:
Ndavomera zonse, agogo. Ndingowonjeza chimodzi: ndalama. Matimu a Foster ambiri ankachita lendi mabwalo a ena. American Giants inkasewera pa Schorling's Park, bwalo lakale limene White Sox inasiya posamukira ku Comiskey Park mu 1910. Tikawasiya ndi thumba laling'ono, zaka zitatu zokha agulitsa onse chifukwa cha njala, ndipo tibwerera pomwe paja. A Mlembi awapatse thumba lofanana ndi timu yapakati ya American League.

WakuChipata:
Zonsezi n'zabwino, koma aziyendetsa ndani? Tilipo anthu 11 pa matimu 16, asanu ali kale m'manja mwa kompyuta. Mukawonjeza asanu ndi atatu opanda munthu, kompyuta igulitsa Charleston posinthana ndi oponya awiri okalamba. Tonse taiona ikuchita zimenezo.

AgogoAkuIndiana:
Ine Cincinnati ndaisiya lero. Ndipatseni ABCs.

MphunzitsiWaMbiri:
Ine ndisiya Giants ya McGraw, ndikatenge American Giants ya Foster.

Kambuzi:
Aphunzitsi, musiya timu imene yangosewera World Series?

MphunzitsiWaMbiri:
Ndalankhula zambiri pano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

WakuJoni:
Pirates sindingaisiye, chifukwa chake mukuchidziwa. Koma ndili ndi mnzanga kuno amene wakhala akufunsa malo, ndipo mphwanga ku Zomba ali ndi gemuyi. Mmodzi atenge Monarchs, wina Detroit Stars. Ndiwaphunzitsa ndekha kutumiza fayilo.

Mlendo_Watsopano:
Ngati n'kololedwa kugwira awiri, St. Louis Giants ndingaisamale, poti ndili kale mumzindawo. Ndilonjeza kuti sindidzagulitsana ndekha osewera pakati pa awiriwo.

Mawerengero:
Dziwani kuti mu 1921 weniweni Charleston anasamukira ku St. Louis Giants komweko. Mu ligi yathu zidalira agogo.

AgogoAkuIndiana:
Sachoka ku Indianapolis.

Nangozo_Ohio:
Dayton ili kuno ku Ohio. Marcos inathera kufupi ndi pansi chaka chimenecho ndipo palibe amene aifune, ndiye ndiitenga ine pamodzi ndi Cleveland, pa lamulo lomwelo la a Mlendo.

Kambuzi:
Chabwino, zonsezi ndagwirizana nazo. Koma ya Jackson sinathe. Aphunzitsi agonja pa Chapman chifukwa mpira uja sudzaponyedwa. Series ija nayonso sinaseweredwe. Kusiyana kuli pati?

MphunzitsiWaMbiri:
Chapman zinamugwera. Jackson anatambasula dzanja n'kulandira. Pamenepo sindisuntha, a Kambuzi, koma voti ikandigonjetsa ndidzasewera nanu bwinobwino. Weaver yekha ndingavomere kuti atsale.

FenwayWaKuDedza:
Ndiye voti ikhale ya mayankho atatu: onse atsale, onse apite, kapena atsale Weaver yekha.

Mlembi1915:
Ndalemba zonse. Chapman atsala, palibe wotsutsa. Ya White Sox ndaika voti ya mayankho atatu aja, itsekedwa Lamlungu usiku, ndipo a Kambuzi savota poti nkhani ndi yawo. Ligi ya Foster ndiyamba kuimanga mawa pa kope la fayilo, osati pa yeniyeni, ndiyendetse sizoni yathunthu kawiri kapena katatu kuti ndione ngati oponya akupirira ndiponso ngati series ya akatswiri atatu ikutheka mkati mwa gemu kapena tizichita kuikonza pamanja. A Mawerengero, ndikutumizirani zotsatira muzione musanagone Lachisanu. Chicago Giants ndi Cuban Stars zikhala kwa kompyuta koma ndizitsekera kugulitsa mpaka zitapeza eni. Cincinnati ndi New York Giants zili pa msika, amene ali ndi mnzake wodalirika amubweretse.

A Joni, anthu anu awiri aja andipeze lisanafike Loweruka.

AgogoAkuIndiana:
A Mlembi, pempho limodzi pokonza ndondomeko ya masewero. Oyamba enieni a ligiyi anachitika pa 2 Meyi 1920 ku Indianapolis, ABCs ndi Chicago Giants. Muwaike tsiku lomwelo, ndipo amenewo musawadumphe ndi batani. Ndikufuna kuwasewera mpira umodziumodzi, adzukulu anga ali pambali.

Mlembi1915:
Pa 2 Meyi, ku Indianapolis. Ndalemba, agogo. Mundiuze nthawi imene adzukulu amaweruka kusukulu, ndidzaimika ligi yonse tsiku limenelo.